Kadzidzi, Mbewa ndi Nkhokwe ya Mlimi

Mwezi wa August ukafika, wapaulendo wochokera ku Mponela kulowera ku Ntchisi amaona utsi ukufuka m'mapiri mbali zonse. Anyamata amakhala akutentha tchire posaka mbewa, ndipo madzulo mbewazo zimakhala ndiwo zapankhomaliro wa mawa lake. Koma si anyamata okha amene amafuna mbewa. Kadzidzi amazifuna, njoka imazifuna, msulu nawonso umazifuna. Nkhani ya lero ikufotokoza za kudyana kumeneku, ndi momwe kumakhudzira nkhokwe ya mlimi.

Mphamvu zimene zamoyo zimayendera, kukulira ndi kuberekera zimachokera ku dzuwa. Chimanga cha m'minda ya ku Dowa, mitengo ya mombo ndi ya masuku m'phiri la Kongwe, ngakhale udzu wa m'dambo, zonsezi zimakola kuwala kwa dzuwa ndi masamba awo obiriwira, n'kupanga chakudya kuchokera ku madzi ndi mpweya. Palibe nyama imene ingathe kuchita zimenezi. Nyama iliyonse imapeza mphamvu mwa kudya chomera, kapena mwa kudya nyama inzake imene idadya chomera.

M'nkhalango ya Ntchisi, imene idakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa m'chaka cha 1924, muli zitsanzo zokwanira. Gwape ndi mbawala amadya masamba, pamene nchima zimakonda zipatso monga nkhuyu. Izi ndi nyama zodya zomera, monga ilili ng'ombe, imene chifu chake chili ndi zigawo zinayi ndipo imabzikula kuti igaye udzu. Pamwamba pa izi pali zodya nyama, monga chiwombankhanga ndi kadzidzi. Nyani ndi nguluwe, monganso munthu, zimadya zonse ziwiri. Chamoyo chikafa, fisi, chiswe, bowa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso zimamaliza zotsala, ndipo chonde chimabwerera m'nthaka. Akatswiri amatcha mndandanda umenewu unyolo wa chakudya.

Chonde chimabwerera, koma mphamvu sizibwerera. M'chaka cha 1942, katswiri wina wa ku America, Raymond Lindeman, atafufuza zamoyo za m'kanyanja kena ku Minnesota, adaonetsa kuti mphamvu zimachepa kwambiri pochoka pa chodyedwa kupita pa chakudyacho. Kawirikawiri limangodutsa gawo limodzi mwa magawo 10. Mbewa ikadya chimanga, mphamvu zambiri imathera pokumba una, pothamanga, popuma ndi pofunditsa thupi lake, ndipo zina zimatayika m'zitosi. Chotero ngati m'chimanga munali magawo 1,000 a mphamvu, m'matupi a mbewa mumatsala pafupifupi 100, mwa kadzidzi pafupifupi 10 okha. N'chifukwa chake unyolo wa chakudya suchuluka mphete, nthawi zambiri zimakhala zinayi kapena zisanu. N'chifukwa chakenso udzu uli ponseponse, mbewa n'zochuluka, koma akadzidzi ndi owerengeka.

Apa ndi pamene pagona nkhani kwa mlimi. Popeza zodya zinzake zimakhala zochepa mwachibadwa, kupha imodzi yokha kumasiya mpata waukulu. Kadzidzi woyera, amene amakonda kugona m'madenga a matchalitchi ndi m'mphako, amatha kudya mbewa zitatu kapena zinayi usiku umodzi, ndipo pamene akulera ana amagwira zoposa pamenepo. Mbewa ya mtundu wa kapuku imakhala ndi bere kwa milungu itatu ndi masiku ochepa, ndipo imatha kuswa ana 10 kapena kuposa nthawi imodzi. Anawo amayamba kuswa nawonso patangopita miyezi yochepa. Anthu ambiri amati kadzidzi akalira padenga ndi malodza, choncho amamugenda ndi kumuphwanyira mazira. Komatu mudzi umene wapirikitsa kadzidzi umadzazindikira mochedwa, pamene mbewu zofukulidwa m'mapando mu December ndi chimanga chong'enyedwa m'nkhokwe zayamba kudandaulitsa.

Unyolo umadukanso m'njira zina ziwiri. Yoyamba ndi mankhwala ophera makoswe. Khoswe wodya mankhwala safa pomwepo, amayenda mofooka, ndipo kadzidzi kapena mphaka akamudya, poizoniyo amalowa mwa iyenso. Mlimi amakhala wapha mdani ndi mlonda yemwe. Yachiwiri ndi moto wolusa wa m'chilimwe. Motowu umapsereza udzu, mapesi, timitengo tating'ono ndi zisa za mbalame, ndipo mphamvu zimene zomera zidasunga nyengo yonse ya dzinja zimathera m'mwamba ngati utsi ndi kutentha. Chakudya cha m'tchire chikachepa, nyani ndi nguluwe zimatsikira m'minda ya m'munsi mwa phiri.

Mbewa ndi ndiwo zabwino, ndipo munthu wozidya ndi mphete imodzi ya unyolo womwewo. Zingathe kugwidwa ndi misampha kapena kukumbidwa popanda kuyatsa phiri lonse. Nkhokwe yokwezedwa bwino, yokhala ndi malata otchinga pa mizati yake ndi bwalo losesedwa, imachepetsa makoswe popanda poizoni. Ndipo kadzidzi akalira usiku pamtengo wa kuseri kwa khola, mwini mudzi angathe kugona mtima uli m'malo, pakuti mlonda amene safuna malipiro wayamba ntchito yake.