Ndinkati poti ndikuyamwitsa sindingaime

Mwana wanga woyamba anali ndi miyezi 8 yokha pamene ndinazindikira kuti ndaimanso. Ndinali pamzere wa sikelo m'mawa wina wa mu Juni, kuzizira kwa Mzuzu kutafika penipeni, ndipo nditamva nseru ndinaganiza kuti ndi malungo. Namwino atandiyeza anandiyang'ana, n'kuyang'ananso khanda kumsana. "Amama, munkalera ndi chiyani?" Ndinayankha mosakayika kuti ndikuyamwitsa.

Yankho limeneli ndalimva kwa amayi ambiri kwathu ku Chibavi, ku Zolozolo ngakhale ku Mchengautuwa. Si bodza kwenikweni, koma ndi theka la choonadi. Kuyamwitsa kumateteza pokhapokha zinthu zitatu zili pamodzi: mwana asanakwane miyezi 6, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku, ndipo mayi asanayambirenso kusamba. Chimodzi chikasowa, chitetezo chatha. Ine wanga anali atayamba phala, ndipo masana ndinkamusiyira mng'ono wanga ndikamapita kukagulitsa kaunjika kumsika. Ndinkangodikira kuti ndione kaye kumwezi ndiye ndipite kolera, osadziwa kuti dzira limatha kukhwima magazi asanaoneke. Mayi amene sakuyamwitsa n'komwe angathe kutenga pakati patangotha mwezi umodzi chichirireni.

Kutumbiza si nkhani yamanyazi chabe. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti papite zaka ziwiri mayi atabereka asanatengenso pakati pena. Mimba zothithikana zimachulukitsa chiopsezo choti mwana abadwe masiku asanakwane kapena wochepa sikelo, ndipo mayi amasowa mpata wobwezeretsa magazi m'thupi. Ine ndinazionera ndekha: wamkulu anayamba kutsika pa khadi la sikelo, ine chizungulire tsiku ndi tsiku, geni n'kuima.

Chodabwitsa n'chakuti dziko lathu lili patsogolo pa nkhani ya kulera. Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey anapeza kuti mu 1992 amayi apabanja 7 okha pa 100 alionse ndiwo ankagwiritsa ntchito njira zamakono, koma pofika 2015-16 anali 58 pa 100 alionse. Vuto lili pa miyezi yoyamba ija mwana atangobadwa, pamene maso onse ali pa khanda ndipo mayi amaiwalika, iye mwini n'kudziiwalanso.

Palinso zakunyumba. Kuno kumpoto abambo ambiri ali ku Joni, ndipo mayi akatchula zolera mwamuna kulibe, apongozi amafunsa kuti, "Mukulera ndani mwana wanga ali kutali?" Koma wa ku Joni sauza thupi lako tsiku limene atsike basi. Kale makolo ankasiyanitsa mphasa kwa miyezi yambiri mwana akabadwa. Lero m'nyumba ya lendi ya chipinda chimodzi, mwambo umenewo ndi ochepa akuusunga.

Pa mimba yachiwiri sindinadikire. Ndinayamba kufunsa ndikadali kusikelo ya amayi oyembekezera, ndipo ndinaphunzira zimene ndikanakonda kudziwa kale. Lupu angathe kuika pasanathe maola 48 mayi atachira, apo ayi adikire masabata anayi. Zoika pamkono angathe kuika asanatuluke m'chipatala: Implanon imagwira ntchito zaka zitatu, Jadelle zaka zisanu, ndipo angachotse nthawi iliyonse mayi akafuna mwana. Jakisoni wa Depo wa miyezi itatu mayi woyamwitsa amayamba pakatha masabata 6, nthawi yomwenso khanda limakalandira katemera. Palinso Sayana Press, amene mayi akaphunzitsidwa amadzibaya yekha kunyumba. Njira zimenezi siziumitsa mkaka ayi. Mapiritsi okhala ndi mahomoni awiri ndiwo amati woyamwitsa adikire miyezi 6. Makondomu okha ndi amene amatetezanso ku HIV ndi matenda ena opatsirana pogonana. Kuzipatala za boma monga Mapale ndi Mzuzu Central zolera ndi zaulere, ndipo zimapezekanso ku Banja La Mtsogolo ndi kwa alangizi a zaumoyo m'madera.

Sindinganame kuti zonse ndi zosalala. Nditaikitsa pamkono, msambo unasokonekera miyezi ingapo, ndipo mnzanga wina anandiuza kuti magazi akuundana m'mimba. Ndinabwerera kwa namwino, anandifotokozera kuti zimachitika ndithu ndipo sizoopsa, ndi kuti ndikaona kuti sindikugwirizana nayo tingasinthe njira.

Chovuta koposa chinali kukambirana ndi bambo a kunyumba. Poyamba anati, "Mayi a mwana, zimenezo si zimaumitsa chiberekero?" Ndinawapempha kuti tipitire limodzi kusikelo akadzifunsire okha. Anapita monyinyirika, koma anafunsa mafunso ambiri kuposa ine.

Wachiwiri uja tsopano ali ndi zaka zitatu, ndipo geni ndinayambiranso. Mng'ono wanga amene ankandilerera mwana ndi woyembekezera, achira mwezi wamawa. M'chikwama chake chakuchipatala tayikamo zitenje, beseni lili pambali, ndipo m'buku lake lakuchipatala namwino walemba kale njira imene wasankha.