KODI CHIKONDI CHA TIMU YA MPIRA CHIMAYAMBA BWANJI?

M'mwezi uno tifuna kucheza nanu za kanthu kamene ena angakayese kachabe, koma kamene kakhala m'nyumba zambiri za kwa Nselema, za ku Ntaja, ku Liwonde ndi ku Balaka: ndiko kukonda timu ya mpira. Alipo pakati pathu akulu a imvi amene achemerera timu imodzi zaka 40 kapena 50. M'zaka zimenezo anasintha minda, anasintha nchito, ena anasamuka midzi, koma timu yao sanaisinthe iai. Ndipo chodabwitsa nchakuti ena a iwo sanapondepo pa bwalo la Kamuzu ku Blantyre, ndipo osewera amene awatchula maina ngati abale ao sanawaonepo ndi maso.

Nanga chikondi chotere chinayamba bwanji? Yesani kufunsa mmodzi wa akulu amenewa. Mudzaona kuti sayamba ndi kuwerenga zikho kapena zigoli. Ayamba ndi kutchula munthu: atate ache, amalume ache, mphunzitsi wa pa sukulu, kapena mwini sitolo amene anali ndi wailesi. Pakuti timu ya mpira munthu saisankha monga asankha nsalu pa msika, poyang'ana yokongola ndi yolimba. Ailandira kwa wina, monga alandira dzina ndi chinenero, asanazindikire kuti walandira kanthu.

Ana a mimba imodzi

Tiyambe tafotokoza za matimu eni ache, kuti ana atsate bwino nkhani yathu. Timu ya Wanderers inayamba ku Blantyre m'chaka cha 1962. Ibvala malaya a buluu ndi oyera, ndipo anthu aitcha Manoma. M'chaka cha 1967 osewera ena anapatukamo, nayambitsa timu ina, ndiyo Bullets, yobvala zofiira ndi zoyera, imene aitcha Maule. Kotero matimu awiriwa ali ngati ana a mimba imodzi amene anagawana mudzi, ndipo nchifukwa chache kulimbana kwao sikutha.

Maina ao a kutsogolo akhala akusinthasintha monga mwa amene anawathandiza ndi ndalama: Bata, Total, Bakili ndi Nyasa ku mbali ya ofiira, Yamaha, Limbe Leaf, MTL, Be Forward ndi Mukuru ku mbali ya a buluu. Tsono mkulu akati Bata kapena Yamaha potchula timu yache, mwadziwa kale zaka zimene anayamba kuikonda. Alipo enanso okonda Silver Strikers ya ku Lilongwe, imene mwini wache ndi Reserve Bank, ndi okonda Red Lions ya asilikari a ku Zomba. Ndipo mukafufuza mudzapeza kawirikawiri kuti m'banja mwao munali mbale wogwira nchito kumeneko.

Pa khonde la mwini wailesi

Khomo lalikulu limene mpira wa ku Blantyre unalowera m'midzi yathu ndi wailesi. Nyumba ya MBC inayamba kuulutsa mau m'chaka cha 1964, ndipo m'zaka zotsatira mawailesi a Nzeru, opangidwa ku Blantyre, anayamba kufika m'masitolo. Sanali ambiri iai. Mudzi wonse unkadziwa khonde limene wailesi ilira, ndipo tsiku la mpira mabatire ankayanikidwa pa dzuwa kuyambira m'mawa, kuti angathe mphamvu masewera ali pakati.

Taganizani za mwana wa zaka 8 kapena 9 pa khonde lotere. Malo ache ali kumbuyo, pa pfumbi, pakuti mipando ndi ya akulu. Sadziwa kuti ku Chichiri nkuti, ndipo mau ambiri a woulutsa amdutsa. Koma chimodzi achidziwa bwino, ndicho nkhope ya atate ache. Aona kuti dzina lakuti likatchulidwa atate aweramira ku wailesi. Aona kuti anthu awa amene masiku onse ayenda mwaulemu, osaseka wamba, lero adzambatuka pa mpando napfuula, namnyamula iye m'mwamba pamaso pa anthu onse. Mwana uja sanaone chigoli, koma waona atate ache akukondwa, ndipo wakondwa nao pamodzi. Kuyambira tsiku lomwelo timu ija ndi yache. Akulu anati m'mera mpoyamba.

Zaka zimenezo zinali ndi maina okoma kuwamva. Ku Bullets kunali Kinnah Phiri, amene anamwetsera timu ya dziko lathu zigoli 71; ku Wanderers kunali Jack Chamangwana, mlonda wa kumbuyo wosadutsika. Pamene Malawi anatenga chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Afrika m'chaka cha 1978 kuno kwathu, nachitenganso m'chaka cha 1979 ku Kenya, ndi kachitatu m'chaka cha 1988, maina a osewera anafika m'mudzi uli wonse. Kutacha, anyamata ankamanga mpira wao wa chikulunga ndi luzi, naimika miyala iwiri ikhale golo, ndipo asanayambe kusewera ankayamba alimbirana maina: uyu afuna kukhala Kinnah, uyo Chamangwana. Amene anatenga dzina la wosewera anatenganso timu yache, ndipo ena a anyamata aja, lero agogo, aitanidwabe ndi maina omwewo pa bwalo la bawo. M'zaka za pambuyo pache liu la Steve Liwewe Banda pa MBC linachita nchito yomweyo kwa ana a mbadwo wina.

Obwera ku ulendo

Khomo lachiwiri ndi a paulendo. Dziko lathu lino ndi la anthu oyenda. Njanje yochokera ku Nkaya kudzera ku Liwonde kunka ku Nayuchi inatsegulidwa m'chaka cha 1970, ndipo ya ku Balaka inalipo kale. Anyamata ambiri anakwera sitima kukafuna nchito ku Limbe ndi ku Blantyre. Kumeneko anakhala ku Ndirande kapena ku Bangwe, nalowa m'bwalo lalikulu tsiku Loweruka, naona ndi maso ao zimene anzao akumudzi ankangomva. Pobwera kudzaona abale anadza ndi sopo, shuga ndi nsalu ya amai, komanso ndi nkhani. Ndipo kuno kwathu, kumene mbumba iyang'ana kwa amalume, mau a munthu wotere alemera. Amalume akasimba madzulo pa moto za khamu la anthu, za ng'oma ndi za kugwedezeka kwa bwalo pamene chigoli chalowa, adzukulu ao onse agona ali Maule kapena Manoma.

Chomwecho anachita obwera ku Joni, a kale a ku migodi ndi a masiku ano omwe. Iwo anadza ndi malaya a Orlando Pirates kapena a Kaizer Chiefs, timu imene Chamangwana yemwe anakaseweramo. Mwana amene atate ache akhala ku Johannesburg zaka zitatu osabwera, akalandira malaya otere m'katundu wotumizidwa, sawabvala chifukwa cha timu iai. Awabvala chifukwa anadutsa m'manja mwa atate ache. Timu aikonda pambuyo.

Chaka cha 2004

Anthu a ku Machinga ali ndi chifukwa chao china. Bambo Bakili Muluzi, amene analamulira dziko lino kuyambira 1994 kufikira 2004, kwao ndi kwa Kapoloma, m'boma lathu lomwe lino. Ndipo pamene iwo anayamba kuthandiza Bullets ndi ndalama, timu inatchedwa Bakili Bullets. M'chaka cha 2004, mphunzitsi wache ali Kinnah Phiri, timu imeneyi inaturutsa Orlando Pirates mu mpikisano waukulu wa matimu a mu Afrika, nilowa m'gulu limodzi ndi Enyimba ya ku Nigeria, Étoile du Sahel ya ku Tunisia ndi Africa Sports ya ku Côte d'Ivoire. Anyamata a nthawi imeneyo, amene lero ali ndi mabanja ao, anamva dzina la munthu wa kwao likutchulidwa pamodzi ndi maiko akutali, naona ngati mudzi wao ndiwo wapita kukasewera. Iwowa maina ao okumbukira ndi Peter Mponda ndi Fischer Kondowe, monga anzao a buluu akumbukira Joseph Kamwendo.

Otsutsa a m'nyumba

Tisaiwale mtundu wina wa okonda mpira, ndiwo amene anasankha timu kuti atsutse. M'nyumba ya ofiira okhaokha sikulephera kubadwa mwana mmodzi wa buluu. Kawirikawiri ndi mng'ono amene anatopa kulamulidwa ndi mkulu wache, kapena mwana wamkazi amene anauzidwa kuti mpira si wa atsikana, nasankha dala timu imene alongo ache aida. Koma taonani, nayenso walandira timu yache kwa munthu, pakuti akadapanda mkulu uja sakadasankha chomwecho. Ndipo abale otere, ngakhale atakula nabalalika, tsiku la Maule ndi Manoma saleka kuimbirana lamya kuti atonzane. Nthawi zina ndi tsiku lokhalo limene amvana mau.

Ndiponso pa msika wa Nselema, pamene Akhristu ndi Asilamu agula ndi kugulitsa pamodzi, mpira ugawa anthu mwa njira yache yache. Pa benchi limodzi mupeza wa ku tchalitchi ndi wa ku mzikiti akumbatirana chifukwa cha chigoli, pamene mbale wa bere limodzi wakhala chete potero.

Zaka za njala

Chikondi chiri chonse chiyesedwa, ndipo cha mpira chomwe. Itatha chaka cha 2005, Bullets inalowa m'mabvuto a ndalama, ndipo chikho cha ligi sinachionenso kufikira 2014. Wanderers inachitenga m'chaka cha 2006, nidikira zaka 11 kufikira 2017. Pambuyo pache ofiira anachitenga kasanu motsatizana, kuyambira 2018 kufikira 2023, ndipo m'chaka cha 2023 chomwecho, mphunzitsi ali Kalisto Pasuwa, anasesa zikho zinai. Koma m'chaka cha 2024 Silver Strikers inawalanda ligi. Chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe.

M'zaka za njala zotere mpamene adziwika okonda enieni. Amene anadza chifukwa cha zikho achoka pamodzi ndi zikho. Chao ndi chikondi cha nkhwangwa, chokoma pokwera. Koma amene analandira timu pa khonde la atate ache sangaitaye, pakuti kuitaya kuli ngati kutaya khonde lomwelo. Atate anapita kale, wailesi ya Nzeru inaonongeka kale, koma timu ikalowa m'bwalo iye akhalanso mwana wa zaka 9.

Nanga ana athu a lero?

Apa mpamene tifuna kuti makolo atchere khutu. Wailesi ya kanema inayamba m'dziko lino m'chaka cha 1999, ndipo lero m'misika yathu muli tinyumba toonetsa mpira wa ku England. Ana alipira kandalama, nakhala mumdima kufikira usiku, naturuka ali a Arsenal, a Chelsea, a Liverpool kapena a Manchester United. Malaya ache awapeza pa kaunjika. Sitinena kuti kukonda timu ya kutali nkulakwa. Chimene chitidetsa nkhawa nchakuti m'kanyumba muja atate mulibe, amalume mulibe. Mwana alandirabe timu kwa munthu, monga kale, koma munthuyo makolo samdziwa. Ndipo pamodzi ndi timu alandira zina: kutukwana, kugona mochedwa, ndi kubetcha pa lamya, kumene kwadya ndalama za feteleza ndi za sukulu m'nyumba zina. Wobetcha sakondanso timu iai. Akonda ndalama, ndipo timu yache yomwe angaifunire kugonja.

Ndipo ife akulu tisadziyese oyera. Mwana amene aona atate ache akuponya miyala kwa woimbira mpira pa bwalo la sukulu, kapena akukana nsima nakalipira amai chifukwa timu yagonja, waphunzira zimenezo pamodzi ndi nyimbo za timu. Tikumbukirenso tsiku la 6 July 2017, pamene anthu 8, ambiri a iwo ana, anafa pa kupanikizana pa zipata za bwalo la Bingu ku Lilongwe, asanayambe masewera a Bullets ndi Silver Strikers. Mwana wokaona mpira waukulu apite ndi munthu wamkulu womgwira dzanja.

Tsono inu atate, inu amai, inu amalume, chitani monga anakuchitirani akulu anu. Tsiku la mpira itanani ana akhale pafupi ndi inu, pa wailesi kapena pa kanema. Auzeni za Kinnah ndi Chamangwana, ndi za munthu amene anakupatsani timu yanu. Timu ya m'mudzi mwanu ikasewera, kapena ya pa sukulu, pitani nao. Ndipo ngati kuli masewera ku bwalo la Balaka kapena la Mangochi ndipo thumba lilola, atengeni kamodzi aone ndi maso. Akuoneni mukukondwa osanyoza mnansi, akuoneninso mutagonja mukupatsa moni wopambana. Mwana akasankha timu yotsutsana ndi yanu, msiyeni. Mwapeza wocheza naye kufikira ukalamba wanu.

Ndipo inu agogo amene mukumbukira khonde lija, tilembereni kalata mutiuze amene anakupatsani timu yanu, ndi chaka chache. Makalata okoma tidzawasindikiza m'miyezi ikudzayi, kuti adzukulu anu awerenge.