Rajeev Suri

Rajeev Suri (anabadwa pa 10 Okutobala 1967) ndi mkulu wa bizinesi za luso la mauthenga amene anatsogolera kampani ya Nokia kuyambira 2014 mpaka 2020. Mu 2018 anasankhidwa kukhala m'bodi ya Stryker, kampani ya ku America yopanga zipangizo za m'chipatala. Anabadwira ku New Delhi m'dziko la India, anakulira ku Kuwait, ndipo ndi nzika ya Singapore. Anaphunzira uinjiniya wa zamagetsi ndi mauthenga ku Manipal Institute of Technology.

Ntchito ku Nokia

Suri analowa ku Nokia mu 1995. Sanali mbali ya mafoni a m'manja imene inatchukitsa kampaniyi, koma ya zida za netiweki, zomwe zimakhala pa nsanja ndi m'nyumba za makampani a mafoni. Mu 2009 anakhala mkulu wa Nokia Siemens Networks, imene panthawiyo inkangoluza ndalama. Mu 2011 kampaniyo inalengeza kuti ichotsa antchito 17,000 n'kuika mtima pa netiweki za intaneti ya pafoni. Chinali chigamulo chowawa, koma phindu linayamba kuoneka, ndipo Nokia itagulitsa bizinesi ya mafoni kwa Microsoft mu 2014, mbali ya Suri ndi imene inatsala ngati msana wa kampani. Anakhala mkulu wa Nokia yonse pa 1 Meyi chaka chomwecho. Mu 2015 analengeza zogula Alcatel-Lucent pa mtengo wa mayuro 15.6 biliyoni. Pekka Lundmark anamulowa m'malo mu Ogasiti 2020.

Zaumoyo ndi bodi ya Stryker

Suri anayamba wayesapo zaumoyo ali ku Nokia, ndipo sizinayende. Mu 2016 kampaniyo inagula Withings ya ku France, yopanga masikelo ndi mawotchi oyeza thupi olumikizika ku intaneti, pa mayuro 170 miliyoni. Patangopita zaka ziwiri inaigulitsanso kwa Éric Carreel, mmodzi wa amene anaiyambitsa. Chaka chomwecho cha 2018 ndi chimene Suri analowa m'bodi ya Stryker.

Stryker inayambitsidwa mu 1941 ndi dokotala wa mafupa Homer Stryker ku Kalamazoo, m'chigawo cha Michigan. Imapanga mawondo ndi ziuno zoikirira, mabedi a m'chipatala ndiponso zida za opaleshoni. Munthu amene si dokotala angafunike chiyani pamenepo? Bodi siyendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku. Imasankha ndi kuyang'anira mkulu wa kampani, imavomereza kugula makampani ena, komanso imaunika zinthu zimene zingaike kampani pangozi. Masiku ano zambiri mwa zinthuzi n'zokhudza kompyuta. Loboti ya Mako, imene Stryker inagula mu 2013, imathandiza dokotala kudula fupa potsatira mapulani okonzedwa pakompyuta kuchokera pa zithunzi za sikani. Mu 2022 kampaniyi inagulanso Vocera, yopanga timakina tolankhulirana anamwino ndi madokotala. Chipangizo chikalumikizidwa ku netiweki, akuba a pa intaneti akhoza kuchifikira, ndipo chikasokonezeka wovutika ndi wodwala amene ali pabedi.

Maudindo ena

Mu Malichi 2021 Suri anakhala mkulu wa Inmarsat, kampani ya masetilaiti ya ku London, mpaka pamene Viasat inaigula mu Meyi 2023.