Phulusa, matope ndi njala: Lenti ya wansembe wa kumudzi

Kukatsala masiku ochepa kuti Lachitatu la Phulusa lifike, akhristu amabweza ku parishi masamba a kanjedza omwe anadalitsidwa chaka chatha pa Lamulungu la Kanjedza. Akatekisti amawatentha n'kusefa phulusa lake. Tsikulo likakwana, wansembe amalawira, kuvala zovala za mtundu wa chibakuwa, kudalitsa phulusalo n'kulemba nalo mtanda pamphumi pa aliyense, pomukumbutsa kuti moyo uno ngwakutha. Basi, masiku 40 a Lenti ayamba, ndipo Aleluya samvekanso mpaka usiku wa Pasaka.

Misa ya m'mawa ikatha, ntchito imakhala itangoyamba. Parishi zakale monga Nzama ku Ntcheu, yomwe inakhazikitsidwa mu 1901, ndi Mua ku Dedza ya mu 1902, zili ndi matchalitchi ang'onoang'ono omwazikana m'midzi. Lenti imayamba mu February kapena March, mvula ili pakati. Wansembe amakwera njinga yamoto, kabotolo ka phulusa kali m'chikwama, n'kumalimbana ndi matope ndi mitsinje yodzaza. Komwe alephera kufika, phulusa lodalitsidwalo amapatsira akatekisti.

Lachisanu lililonse kuli Njira ya Mtanda, yoima malo 14. Mizere ya olapa imatalika, ndipo wansembe amakhala maola ambiri akumvetsera zolemetsa anthu mumtima. Akatekumeni oyembekezera ubatizo pa Pasaka nawo ayenera kuyesedwa ngati akhwima. Odwala ndi okalamba akumudikira kunyumba kuti awabweretsere Ukaristia.

Komabe chovuta kwambiri si msewu ayi, ndi ulaliki. Lamulo la Mpingo wa Katolika limati a zaka 18 mpaka 59 asale kudya pa Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera, ndipo kuyambira zaka 14 munthu asadye nyama Lachisanu la mu Lenti. Koma imeneyi ndi miyezi ya njala. Nkhokwe zagona, chimanga kumunda sichinakhwime, mabanja ambiri akudya kamodzi patsiku, ndiwo zake nkhwani. Nyama anailawa pa Khirisimasi. Munthu wotere ungamuuze bwanji kuti asale?

N'chifukwa chake wansembe wodziwa nkhosa zake amatsindika zina: kusiya kachasu, miseche ndi nkhanza za m'banja, kuyanjana ndi mbale yemwe munakangana naye malire a munda, kutapako ufa m'dengu kupatsa mayi wamasiye. Zimenezi zimayenda kudzera m'miphakati, timagulu ta akhristu oyandikana tomwe tinazika mizu m'zaka za m'ma 1970, Patrick Kalilombe ali episkopi wa Lilongwe. Mphakati ndiwo umadziwa khomo lomwe lagona ndi njala.

Lenti ku Malawi inayesapo kale mitima ya ansembe. Pa 8 March 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, anaimirira paguwa n'kuwerenga kalata ya maepiskopi yodzudzula umphawi, kusalingana ndi kutsekedwa pakamwa mu ulamuliro wa chipani chimodzi. Boma linaiyesa kalata youkira, koma mu June 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri.

Lero wansembe sawerenga kalata ya maepiskopi mwamantha, koma udindo ndi womwewo: kunena zoona, ndi kufika kwa anthu omwe msewu ndi njala zawatsekereza. Akhristu amene tikufuna Misa ifike kwathu tiganizirenso mafuta a njinga ija, ndi ufa wa mnansi wathu.