Mjigo Wobisika M'kati mwa Foni

Tsiku lina dzuwa litapendeka, ndili pa benchi langa lokonzerapo mafoni ndi makompyuta ku Insaca, anandipeza bambo wina wachikulire wa kugombe la nyanja ya Chiuta, amene, atapereka moni ndi kukhala pansi, anatulutsa foni m'thumba nati: "Amisiri, kanthu aka kamandipempha usiku ndi usana kuti ndikalole kutsitsa zatsopano, pamene mamega ndimagula ndi ndalama ya matemba. Kodi ndikulakwa ndikamakakaniza?" Ndinawayankha kuti akulakwa ndithu, koma popeza yankho lopanda chifukwa silikhalitsa mumtima, ndaganiza zofotokoza nkhaniyi pano, kuti ena amene ali ndi funso lomwelo amve nawo.

Taganizani za mudzi umene banja lililonse likanakumba chitsime chakechake pakhomo: ntchito ikanachuluka, malo akanatha, ndipo madzi akaipa, mfumu ikanayenda khomo ndi khomo kufunafuna kumene kwachokera matenda. Nchifukwa chake timakumba mjigo umodzi, ndi kutungapo tonse. Amisiri amene anamanga Android, Windows ndi Linux, mapulogalamu aakulu oyendetsa makina athu, anatsata nzeru yomweyo. Ntchito zimene pulogalamu iliyonse imazifuna, monga kuonetsa chithunzi, kuimba nyimbo, kapena kubisa uthenga wa ndalama kuti wapanjira asauwerenge, anazilemba kamodzi kokha naziika m'mafayilo otchedwa malaibulale ogawana, amene mu Windows maina awo amathera ndi .dll, ndipo mu Linux ndi Android amathera ndi .so. Pulogalamu ikadzuka, sisenza madzi akeake; imapita kukatunga pa laibulale.

Ubwino wake ife a kuno tiyenera kuuyamika koposa ena, pakuti mafoni a Itel ndi Tecno amene ambiri timakwanitsa kugula ali ndi malo ochepa, ndipo zikanakhala kuti pulogalamu iliyonse imanyamula katundu wake yense, foni ikanadzaza musanajambule n'komwe chithunzi cha mwana. Ubwino woposa apo ndi uwu: laibulale ikapezeka ndi chilema, akaikonza kamodzi, mapulogalamu onse otungapo achira pamodzi.

Koma asodzi a ku Chilwa amadziwa kuti nsomba ikawola imodzi, zonse zawola. Mu Julaye 2015, katswiri wina dzina lake Joshua Drake anaulula chilema mu laibulale ya Android yotchedwa Stagefright, imene inkatsegula mavidiyo, chilema choopsa kotero kuti munthu wa mtima woipa, atangodziwa nambala yanu, akanatha kukutumizirani uthenga wa vidiyo wokonzedwa mwachinyengo, ndipo pa mafoni ena, inu musanautsegule n'komwe, iye akanakhala atalowa kale m'nyumba. Mafoni pafupifupi 950 miliyoni anali pangozi, osati chifukwa chakuti eni ake anachita chopusa, koma chifukwa onse ankamwa pa mjigo umodzi. Google inakonza chilemacho, koma mankhwala ake anayenera kudutsa m'manja mwa opanga mafoni ndi makampani a netiweki, ndipo ku mafoni ochuluka otsika mtengo sanafike konse. Kuyambira chaka chomwecho Google inayamba kutulutsa zokonza zachitetezo mwezi ndi mwezi, ndipo kuyambira pa Android 10, ya mu 2019, mbali zina zimakonzedwa molunjika kudzera pa Google Play. Izi ndizo zatsopano zimene foni ya bambo aja inkapempha.

Palinso choipa chimene sichidza mwangozi, koma ndi dzanja la munthu wofesa namsongole usiku, anthu ali m'tulo. Laibulale ya xz, imene ntchito yake ndi kupanikiza mafayilo kuti achepe, ndipo imapezeka m'makompyuta a Linux osawerengeka, inkasamalidwa ndi munthu mmodzi wongodzipereka, wolema ndi ntchito. Kunabwera wina wodzitcha Jia Tan, amene anathandiza mokhulupirika kwa zaka pafupifupi ziwiri kufikira anapatsidwa ulamuliro, ndipo pamenepo anabisa m'laibulalemo khomo lachinsinsi. Chimene chinatipulumutsa, mu Marichi 2024, ndicho kudekha kwa Andres Freund, injiniya wa ku Microsoft, amene anaona kuti kulowa mu kompyuta yake kukuchedwa ndi theka la sekondi, ndipo m'malo monyalanyaza, anatsata mapazi mpaka anapeza dzenje, chinyengocho chisanafalikire. Zoonadi, kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhani imeneyi imandiwawa mtima kufikira lero, pakuti dziko lonse, mabanki ndi maboma omwe, linkatunga pa mjigo umene woukonza sankalandira ngakhale metikali imodzi.

Kuno kwathu ngozi imene ndimakumana nayo kawirikawiri ndi yapafupi. Windows ikafuna laibulale, nthawi zambiri imayamba kuyang'ana m'foda momwe muli pulogalamu yoipemphayo; tsono akuba amaika fayilo yabodza yokhala ndi dzina la laibulale yeniyeni pambali pa mapulogalamu obedwa, amene amayenda pa fulashi kuchokera ku Cuamba mpaka ku Entre Lagos ndi kuwoloka ku Nayuchi. Pulogalamu imaitana dzina, wachinyengo navomera. Nchifukwa chake kompyuta ikadandaula kuti fayilo ya .dll yasowa, ndimaletsa ndi mtima wonse kukaitola pa intaneti paliponse. Bwezeretsani pulogalamuyo kuchokera kwa eni ake.

Foni ya bambo aja tinaitsegula pamodzi, ndipo ndinawaonetsa malo olembedwa tsiku limene inalandira zokonza zachitetezo komaliza. Panali patapita zaka ziwiri. Tinatsitsa zonse zimene zinalipo, iwo akuwerengera mamega awo; ndipo popeza m'foni yomweyo ndimo amasungira ndalama za e-Mola zolipirira mwana sukulu, ndinawauza poyera kuti opanga foniyo akadzaleka kutumiza zokonza, adzabwerenso, tidzasamutsire ndalamazo kwina. Anavomera, nanyamula njinga yawo kuti akafike ku Chiuta kusanade.