MADZI A MCERE A M'CITSIME: KODI TINGAWAKONZE BWANJI?

Midzi yambiri idziwa cisoni ici. Anthu asonkha ndalama, makina abwera naboola pansi, mjigo uikidwa, koma madzi oturukawo ali ndi mcere. Pamenepo amai abwereranso ku mtsinje kumene kuli ng'ona ndi likodzo, ndipo ana ayambanso kutsegula m'mimba. Bvuto limeneli lipezeka ku Machile, kumwera ca kumadzulo kwa Zambia, ndiponso ku Chikwawa ndi ku Nsanje m'Malawi.

Mcerewo ucokera m'dothi ndi m'miyala m'mene madzi akhala zaka zambiri. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yaikuru iri ndi magalamu 35 a mcere, koma ya m'zitsime zotere iri ndi galamu 1 kufikira 10 cabe. Komabe mcere ukapitirira galamu 1, pakamwa payamba kukana.

Coyamba dziwani kuti kuwiritsa sikucotsa mcere. Moto upha tizirombo, koma nthunzi ikathawa mcere utsala mumphika, ndipo madzi otsalawo awawa koposa kale. Nsaru, mcenga ndi mankhwala ophera tizirombo nazonso zilephera. Tsono lawani madontho amene akhala kunsi kwa cibvundikiro ca mphika wowira. Mudzapeza kuti alibe mcere. Madzi abwino ndiwo aja acoka monga nthunzi, ndipo nchito yathu ndiyo kuwagwira.

Dzuwa likhoza kutigwirira nchitoyi popanda nkhuni. Khomani bokosi losazama ndi losadontha, lakuda m'kati mwace. Thiranimo madzi a mcere ofika zala ziwiri, ndipo bvundikirani ndi galasi lopendekeka. Matani m'mbali monse kuti nthunzi isathawe. Kumunsi kwa galasi ikani kangalande kotengera madontho ku botolo loyera. Galasi la mita imodzi m'litali ndi m'lifupi lipereka malita ngati 3 pa tsiku la dzuwa, motero banja la anthu 6 lifuna magalasi 5 kapena 6 kuti lipeze akumwa okha.

Nzeruyi njakale. M'caka ca 1872, Charles Wilson anamanga magalasi otere ambiri ku Las Salinas m'cipululu ca ku Chile, ndipo anapereka malita oposa 20,000 pa tsiku kwa anthu a pa migodi ndi nyuru zao.

Njira yaciwiri ndiyo makina okankha madzi mwamphamvu pa sefa yopyapyala imene ilola madzi koma ikaniza mcere. Mzinda wa Coalinga ku California unayamba kumwa madzi okonzedwa motere m'caka ca 1965. Makinawa apereka madzi ambiri, koma afuna magetsi, sefa zatsopano ndi munthu wophunzira kuwasamala. Mudzi usawalandire usanapangane za thumba lolipirira zimenezi, cifukwa makina opanda mwini sakhalitsa.

Njira zonse ziwiri zisiya madzi a mcere wambiri. Musawataye m'dimba kapena pafupi ndi citsime, pakuti mcere upha nthaka ndipo suturukamo msanga. Kawiri-kawiri madzi okoma akhala pamwamba pa a mcere, cotero musafulumire kuzamitsa citsime cabwino.

Citsime ca mcere si cotaya ai. Pemphani a zaumoyo ayese madzi ace. Pamenepo mudzadziwa ngati ayenera kucapira ndi kumwetsa ng'ombe, ndipo akumwa inu ndi ana anu mudzawakonza padzuwa.