Kasiketi ka pa kaunjika kamene kanandiphunzitsa mbiri

Anzanga, ena a inu munandipeza Lolemba nthawi ya buleki ndikujambula masiketi kumbuyo kwa kope la masamu, ndiye munaseka kuti uyu zamuyamba. Ndati ndilongosole pano kuti mumve nonse kamodzi.

Mwezi watha tsiku la msika ndinaperekeza amayi kukagula mchere ndi sopo. Pa mulu wa kaunjika ndinaona kasiketi kapinki ka nsalu yonga neti, yopyapyala, yosanjikizana kambirimbiri. Wogulitsa anati nka ana operekeza akwati. Amayi anati, "Iwe tiye, zimenezo angavale ndani?" Sitinagule, koma kasiketiko sikanandichoke m'mutu. Nditafunsa a madamu a Chingerezi, anati dzina lake ndi tutu, ndipo amavala ndi akazi ovina gule wa ku Ulaya wotchedwa ballet, uja amaima ndi nsonga za zala zakumapazi. Anandibwereka buku la zithunzi, zina tinawerengera limodzi pa foni yawo. Zomwe ndinapeza ndi izi.

Gule ameneyu anayambira m'nyumba za mafumu ku Italy m'zaka za m'ma 1400, kenako anafika ku France. Mfumu Louis XIV inkamukonda kwambiri, inkavina nawo, mpaka mu 1661 inakhazikitsa bungwe la akatswiri a zovina ku Paris. Nthawi imeneyo tutu kunalibe. Akazi ankavina atavala madiresi olemera ofika pansi, nsapato zazidendene, kumutu mawigi. Tangoganizani kudumpha utavala zitenje zisanu ndi bulangete pamwamba. Ndiye kuvina kwawo kunali koyenda mwaulemu basi.

Cha m'ma 1730 mtsikana wina wovina ku Paris, Marie Camargo, anafupikitsa diresi lake mpaka akakolo kuonekera. Ankatha kudumpha n'kumenyanitsa mapazi m'malere mofulumira, koma luso limenelo likanaoneka bwanji mapazi ali m'kati mwa nsalu? Mnzake Marie Sallé anapitirira apo. Mu 1734 ku London anavina atavala diresi lopepuka la nsalu yopyapyala, tsitsi atalimasula. Apa mpamene pagona nkhani yonse: nthawi iliyonse imene mapazi aphunzira chinthu chatsopano, siketi imakwera kuti anthu aone.

Tutu woyamba amati anaoneka mu 1832 ku Paris, pamene Marie Taglioni anavina gule wotchedwa La Sylphide, amene anakonza ndi bambo ake, Filippo Taglioni. Iye ankasewera ngati mzimu wa m'nkhalango wokhala ndi timapiko. Anavala siketi yoyera, yopepuka, yooneka ngati belu, yolekeza pakati pa mawondo ndi akakolo. Akaima ndi nsonga za zala, siketi ija ikuyandama, ankaoneka ngati sakuponda pansi. Mtundu umenewu ulipobe ndipo amautcha Romantic tutu. Nsalu yonga neti imene amasokera masiketiwa masiku ano imatchedwa tulle, dzina lochokera ku tauni ya Tulle ya ku France komweko.

Koma kukongolaku kunali ndi ngozi yake. Magetsi kunalibe, ndiye pa siteji ankaunikira ndi nyale za gasi zamoto weniweni, zina zili m'munsi pafupi ndi mapazi. Nsalu yopyapyala yokhala ndi mpweya pakati imayaka ngati udzu wa mu Okutobala. Mu 1844 Clara Webster anapsa akuvina ku London n'kumwalira. Ku France boma linalamula kuti zovala za pa siteji aziziviika m'mankhwala oletsa moto, koma mankhwalawo ankaumitsa nsalu n'kuithimbiriritsa. Mtsikana wina waluso, Emma Livry, anakana kuvala zoterozo. Mu Novembala 1862, pokonzekera gule, siketi yake inakhudza nyale n'kuyaka. Anadwala mabalawo miyezi isanu ndi itatu, ndipo anamwalira mu 1863 ali ndi zaka 20. Nditawerenga pamenepa ndinatseka buku kaye.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 likulu la guleyu linali ku St Petersburg, ku Russia, kumene Marius Petipa ankakonza magule akuluakulu. Kunabweranso akazi a ku Italy amene anali akatswiri pozungulira. Mmodzi mwa iwo, Pierina Legnani, mu 1895 anazungulira ka 32 motsatizana ataima ndi mwendo umodzi m'gule wa Swan Lake, wa nyimbo za Tchaikovsky. Pozungulira chonchi siketi yaitali imakulunga miyendo, komanso imabisa ntchito ya mawondo. Choncho tutu anakwera kupitirira mawondo, ndipo m'zaka zotsatira anapitiriza kufupika mpaka kuima chopingasa m'chiuno ngati lichero. Ameneyu ndiye classical tutu.

Mwina mukufunsa kuti nsalu ingaime bwanji chopingasa osagwa. Telala amadula neti yolimba m'magawo khumi kapena kuposerapo. Gawo lapamwamba ndiye lalitali, otsatira amanka nafupika. Lililonse amalipinda timapindi tating'ono n'kulisokerera pa kabudula wam'kati, kenako magawo onse amawalumikiza ndi ulusi pamanja kuti asamwazike. Pa gawo lina lapakati amalowetsa waya wozungulira ngati mkombero wa lichero. Pamwamba amaikapo nsalu yokongoletsa ndi mikanda. Kumsana saika zipi koma tingowe m'mizere ingapo, kuti chovala chimodzi chikwane ovina osiyana matupi. Posunga amachigoneka kapena kuchipachika chozondoka kuti chisalendewere. Ntchito ya tutu mmodzi imadya masiku ambiri.

Waya uja analinso ndi vuto lake. Ovina akayandikana, malichero awo ankagundana n'kumagwedera ngakhale iwo ataima kale. Mu 1950 ku New York, mayi wosoka zovala za pa siteji, Barbara Karinska, amene ankagwira ntchito ndi George Balanchine, anachotsa waya, nachepetsa magawo, nawasoka momasuka. Anatuluka tutu wamfupi wofewa ngati thonje, woyenda limodzi ndi thupi. Mwaona? Amene anathetsa vuto la ovina anali munthu wa singano.

Wina anena kuti zimenezi nza azungu, ife zikutikhudza pati? Mverani za Michaela DePrince. Anabadwa mu 1995 ku Sierra Leone nthawi ya nkhondo, makolo ake anamwalira, ndipo anakakhala kumalo osungira ana amasiye. Tsiku lina mphepo inaulutsira magazini pa geti, pachikuto pali mkazi wovala tutu ataima ndi zala. Anang'amba chithunzicho n'kuchibisa m'zovala. Atatengedwa ndi banja la ku America ali ndi zaka zinayi, anaphunzira guleyu mpaka kukavina mu Dutch National Ballet ndi Boston Ballet. Anamwalira mu 2024 ali ndi zaka 29. Iye chinamukoka ndi kuvina, ine chandikoka ndi kusoka, koma tonse tinayambira poona siketi.

Ndinayesa nane. Ndinatenga neti yakale yong'ambika imene tinkatchingira anapiye, osati yogonamo ayi, imeneyo ndi ya malungo musaiyerekeze. Ndinaichapa, ndinadula magawo anayi, n'kusokerera pa lasitiki. Inangolendewera ngati masamba a nkhwani ofota, chifukwa neti ya udzudzu ndi yofewa. Komabe mng'ono wanga wa Sitandade 2 anaikonda, anaivala madzulo n'kuyamba kuzungulira pakhonde. Mbaula inali pompo, amayi akuphika ndiwo. Ndinangoona neti ikupita cha kumakala, ndinamukoka dzanja mpaka analira. Mpendero wokha ndi umene unasungunuka. Neti yotere ikapsa imasungunuka ngati pulasitiki n'kumata pakhungu. Usiku umenewo ndinaganiza za Emma Livry. Chonde, amene muli ndi ang'ono anu ovala timasiketi ta pa kaunjika timeneti, asayandikire mbaula, kandulo kapena koloboyi.

Kuyambira pamenepo ndikamaonera magule athu ndimayang'ananso zovala. Amalipenga opanda yunifolomu yoyera ndi masokosi aatali sangaoneke amalipenga. Pa chisamba, nsalu yomanga m'chiuno ndi imene imaonetsa mmene chiuno chikudukulira. Timaombera m'manja ovina ndi a ng'oma, koma wosoka ndi womanga nsalu sitimutchula.

Temu ino gulu lathu la magule livina tsiku lotsekera, ndipo zovala zake zang'ambika, nonse mukudziwa. Ine ndili ndi singano ziwiri ndi ulusi wakuda. Amene ali ndi lumo kapena zidutswa za chitenje, mnyamata kaya mtsikana, tikumane Lachisanu tikaweruka pansi pa mtengo wa mango. Kope la masamu lija ndibweretsa, museke bwinobwino muli pafupi.

Mnzanu wa mu Fomu 2